Ababa M'bwato Lopanda Nkhafi

Usiku watha ndinalota maloto oti mpaka pano mtima sunakhazikike. Rozina, tasiya kaye foniyo umve. Inunso amayi a Yamiko, sendezani mpando kuno, chifukwa sindifuna kubwereza.

Mukudziwa mmene ababa akhalira chimwalirireni amayi. Tsiku lina amandidziwa, tsiku lina amandifunsa ngati ndabwera kudzalembetsa mwana sukulu, poti mutu wawo unatsalira mu ofesi ya ahedi momwe anagwira ntchito zaka makumi atatu. Ndiye achimwene anga a Gerisomu, ali ku Joni uko, anapeza kanyumba ka matabwa kogona alendo m'mbali mwa kanyanja kena ka m'phiri, mkati mwenimweni mwa nkhalango, akuti ndipite nawo ababa akapumeko mphepo ina. Ine ndinavomera pakamwa pokha. Koma m'malotomo tinali titanyamuka kale.

Galimoto inatisiya pa chipata cha nkhalango n'kubwerera chammbuyo osatembenuka. Pachipatapo panali bambo wa zankhalango, yunifolomu yobiriwira, buku lalikulu pamiyendo. Anafunsa kuti tikulowa angati, ine ndinati awiri. Analemba, nanena osadzutsa mutu kuti potuluka tidzakhalenso awiri, chifukwa chipatacho chimawerenga chokha, ndipo nambala ikasiyana sichitseguka. Ndinafuna kuseka, koma ndinaona kuti chimene akulembera si cholembera, ndi munga wautali wa mawanga akuda ndi oyera. Utathyoka, anapisa dzanja kumsana n'kuzula wina. Mwadzidzidzi malaya ake anang'ambika kumbuyo konse, minga n'kuimirira ngati tsache, ndipo pampando paja panakhala nungu itavala chipewa cha ntchito. Ababa anaivulira chipewa chawo n'kuipatsa moni mwaulemu. Nunguyo inangotilozera njira ndi mphuno.

Eni kanyumbako anatilembera kuti ndi ulendo wa maola anayi wapansi, koma tinangoponda katatu, ndiye tafika. Dzuwa linali pamutu, ndipo linakhala pomwepo maloto onse osasuntha. Kanyumbako kanali kokhakokha, kumbuyo mitengo ya paini yothithikana, kutsogolo madzi. Madzi ake akuda bii, osagwedezeka. Kunalibe utsi wa mudzi, kunalibe galu wouwa, kunalibe munthu. Nditacheuka kuti ndione njira imene tadzera, ndinapeza mitengo yatsekapo, yaima mothinana ngati anthu pamaliro.

Kiyi anali pansi pa mwala pakhonde. Nditamutola anatsokomola, nati wagona pamenepo miyezi isanu, dzimbiri lamulowa m'chifuwa, ndipo alendo omaliza anachoka osatsanzika. Ndinamufunsa kuti anachoka bwanji poti njira palibe. Anati funso limenelo ndifunse chitseko. Chitseko chinati icho chimangoona misana ya anthu, komwe amapita sichidziwa.

Mkati munali mabedi awiri, tebulo, mpando umodzi, mbaula, chiwaya chopachika pamsomali, ndi pepala la malamulo pakhoma. Patebulopo panali buku loti alendo azilembamo mmene akhalira. Ndinalitsegula, ndiye masamba onse anali olembedwa ndi dzanja limodzi, ndipo dzanjalo linali langa. Ndinalitseka msanga osawerenga. Pamenepo pepala la pakhoma linayamba kudziwerenga lokha ndi mawu a munthu wa chimfine: musasiye zinyalala, musakoleze moto panja, musadyetse anyani, ndi ena otero. Litafika pa lamulo lomaliza linatsitsa mawu.

"Nyanja ikaitana, musayankhe."

Ababa anali osangalala kuposa mmene ndawaonera chaka chonse chino. Anayenda m'kanyumbamo akusisita makoma, akuti muno ndi mmene anakhala atangokwatira, chonsecho sanafikeko chibadwire. Anati amayi apita kukatunga madzi, abwera posachedwa. Ine sindinatsutse, ndinaphunzira kale kuti kutsutsa kumangowaliza. Ndinawakhazika pampando, ndinatulutsa botolo la mapilitsi awo kuti ndiwapatse a masana, ndiye nditangotsegula, mapilitsi onse anatuluka pamzere ngati linthumbu, kutsika ndi mwendo wa tebulo, kulowa m'ming'alu ya pansi. Ndinagwada kuwatola. Ndikagwira limodzi, limandiuza kuti silo la masana, la masana ndi lija lili kutsogolo. Ndinakwawa mpaka kunsi kwa bedi, ndipo ndili komweko ndinamva mpando ukudziwongola n'kunena kuti tsopano wapepukidwa.

Ndinatuluka kunsi kwa bedi, pampando palibe munthu, chitseko chili chotsegula. Ndinachikalipira kuti chawalola bwanji kudutsa. Icho chinati ntchito yake ndi kutseguka, yoyang'anira nkhalamba ndi yanga. Mawu amenewo anandilasa, Rozina, chifukwa ndi omwewo amene ndimadziuza ndekha ndikakhala kuntchito kuno.

Panja panali kamlatho ka matabwa kolowa m'madzi, ndipo kumapeto kwake ababa anali atakhala m'bwato, atavala suti yawo yotuwa ya tsiku lotsekera sukulu, manja pamaondo ngati akudikira basi. Nkhafi munalibe. Chingwe chomangira bwatolo chinali chikudzimasula chokha pang'onopang'ono. Ndinathamanga, koma mukudziwa kuthamanga kwa m'maloto, miyendo ngati yatitimira m'matope. Thabwa lililonse ndikaliponda limatchula dzina la mwana wa sukulu, ngati kuitana mayina kwa m'mawa, ndipo kamlathoko kamangotalika. Ndinachipempha chingwe kuti chigwire kaye pang'ono. Chinati chagwira zaka zambiri popanda wonena zikomo, lero chatopa. Ndinati zikomo, zikomo kwambiri. Chinati ndachedwa, n'kutsetserekera m'madzi ngati njoka.

Bwato linayamba kuyenda lokha, kulunjika pakati.

Ndinatulutsa foni. Foni inati netiweki ilipo koma ili pamwamba pa mtengo wautali uja, ndipo ikwera yokha, ine ndidikire pansi. Inadumpha m'manja mwanga n'kukwera ngati gologolo. Ndili pansipo ndinamva achimwene akuyankha kumwambako, mawu ali kutali, akufunsa ngati malowo ndi okongola monga pa chithunzi. Ndinakuwa kuti ababa akupita. Iwo anati ndiwajambule ndiwatumizire. Kenako mawu awo anasanduka kulira kwa achule, ndipo foniyo sinatsikenso.

Ndiye mwadzidzidzi ndinaona mayi akubwera, akuyenda m'madzi osaya a m'mphepete, atavala zoyera zokhazokha, fayilo kukhwapa. Anati ndi wa ofesi yoona za panyanja, ndipo wamva kuti pali munthu akufuna kupulumutsa mnzake popanda chilolezo. Ndinamugwira mkono kumupempha boti, chingwe, chilichonse. Anati zonsezo zilipo, koma tiyambe ndi fomu. Funso loyamba linali dzina, ndinayankha kuti Ferisita Lunguzi. Lachiwiri, wopulumutsidwayo ndi ndani wanu. Ndinati bambo anga ondibala. Anati zimenezo aliyense anganene, mwini wake avomereze. Akulankhula choncho khosi lake linali likutalika, likupindika, miyendo ikuonda mpaka kukhala ngati mabango, ndipo pomaliza mawu ake anali kakowa, fayilo ili pansi pa phiko. Anatambasula khosi lija pamwamba pa madzi mpaka mlomo unafika pafupi ndi bwato.

"Bambo, mayi ali pamlathoyo mukumudziwa?"

Ababa anatembenuka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ataika dzanja pachipumi kutchinga dzuwa. Ine ndinangoima, ndikuwaonetsa nkhope yonse, ngakhale chipsera cha pachibwano ichi, chimene anandibereka nacho okha kumsana kupita kuchipatala ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

"Ayi, sindikuwadziwa," anatero ababa. "Koma akuoneka munthu wabwino."

Kakowa anabweza khosi, nadinda fomu ndi mlomo, nati pepani, pamenepa palibe chimene ofesi ingachite, mubwere Lolemba ndi mboni ziwiri. Anajompha kansomba n'kuuluka.

Sindinalire. Ndinabwerera kukanyumba, ndinagwira chitseko chija ndi manja awiri n'kuchizula ndi misomali yomwe. Chinakuwa kuti icho ndi katundu wa eni nyumba, pepala la pakhoma nalo likukuwa kuti musachotse kanthu muno, lamulo lachisanu. Ndinatenga chiwaya, ndinakokera chitseko kumadzi, ndinagona pamwamba pake chafufumimba n'kuyamba kupalasa. Chiwaya chokha ndicho sichinadandaule. Chinangoti ndipalase kwambiri kumanzere, ndikuzungulira pamodzimodzi.

Madzi anali ozizira ngati a mufiriji, ndipo pansi pake ndimaona zinthu: madesiki a sukulu atandandalikidwa bwinobwino, makina osokera a amayi, njinga ya ababa ija inabedwa kalekale, zonse zili phee, nsomba zikungolowa ndi kutuluka. Chitseko chinayamba kumwa madzi. Chinati sichinaphunzire kusambira, ndipo chikundipatsa mphindi zochepa.

Ndiye nyanja inaitana.

Sinaitane ine. Inaitana ababa, ndi dzina la pa ubwana wawo limene amayi okha ankawaitanira, limene ife ana sitinkaloledwa kulitchula. Mawu ake anali a amayi enieni, mawu a tsiku wamba, ngati akuwauza kuti madzi osamba azizira. Ababa anaimirira m'bwato. Bwato linapendekera uku, linapendekera uko. Anakonza tayi, anapukuta nsapato pa mwendo wa buluku, natulutsa mwendo umodzi kunja, phazi lili lende pamwamba pa madzi. Ndinaona pakamwa pawo pakutseguka kuti ayankhe.

Ndinali pafupi, mwina ngati pano ndi pakhomo paja, koma dzanja silikanafika. Ndinafuna kukuwa kuti ababa, ndine Ferisita, mwana wanu. Koma ndinadziletsa, poti ndinadziwa kuti angowasokoneza, ndipo munthu akasokonezeka amapita kumene kuli mawu amene akuwadziwa. Ndiye ndinameza dzina langa. Ndinalankhula ngati mlendo.

"Aphunzitsi, pepani. Ndasochera. Sindikudziwa njira yobwerera kumtunda."

Pakamwa paja panatsekeka. Anandiyang'ana ine, mayi wamkuluwamkulu nditagona pa chitseko pakati pa nyanja, chiwaya m'manja. Nyanja inaitananso, mokweza pang'ono, madzi mpaka kunjenjemera. Ababa anayang'ana pamadzi, anayang'ana ine, anayang'ananso pamadzi. Phazi lija linali likadali kunja. Ndinaona nsonga ya nsapato ikukhudza madzi, timizere tikufalikira mozungulira.

"Mwasochera bwanji masana ano?" anandifunsa, mawu a ahedi enieni, okalipa pang'ono. "Kwanu n'kuti?"

Ndinati sindikukumbukira. Anapukusa mutu monga ankachitira ndi mwana wobwera m'kalasi opanda kope. Kenako anawerama n'kulankhula ndi madzi motsitsa, ngati munthu wouza mkazi wake pakhomo: anati pali munthu wasochera, amuperekeze kaye, abweranso.

Chiwaya chinanong'ona kuti ayankha.

Nthawi yomweyo madzi onse anayamba kuzungulira, pang'onopang'ono poyamba, kenako mwamphamvu. Mitengo ya kumtunda inayamba kudutsa, kanyumba kopanda chitseko kanadutsa kawiri, nungu ndi kakowa ataima pakhonde pake akuyerekeza zimene alemba. Chitseko chinati chatsanzika, n'kuchoka pansi pa mimba yanga. Madzi anandifika m'khosi. Ababa anabweza mwendo uja m'bwato, anagwada, natambasula dzanja. Ndinataya chiwaya. Zala zathu zinakhudzana, kutayana, kukhudzananso. Bwato likuzungulira, ine ndikuzungulira, ndiye mwadzidzidzi pakati pa nyanja panatseguka dzenje lakuda, ndipo m'dzenjemo mumalira ngati chitsulo chikugunda m'mbali mwake, nge, nge, nge. Ndinamva dzanja lawo litandigwira pamkono, mwamphamvu ngati kale, koma sindinadziwe ngati iwo akundikokera m'bwato kapena ine ndikuwakokera m'madzi. Kulira kuja kumangokula, nge, nge, nge.

Ndinatsegula maso. Kunja kunali kutayera, bulangeti lili pansi, dzanja langa litagwira chitsulo cha bedi. Kulirako kunali kukupitirira, kuchokera pabalaza. Inali supuni ikugunda m'kapu.

Ndinathamangira komweko opanda nsapato. Ababa anali patebulo, atadzipangira okha tiyi makapu awiri, akutakasa. Anandikankhira kapu imodzi. Nditalawa ndinapeza athiramo mchere m'malo mwa shuga, mwina masupuni atatu. Anali akundiyang'ana, kudikira kuti ndinene mmene wakomera.

Ndinamwa yense mpaka pansi.