Chigongono cha Mkamwini Kamphinda

Tabwerani kuno, ana inu, muleke kupimana mphamvu pabwalopo. Pali mwambi wina umene makolo anu amakuponyerani kawirikawiri, ndipo kuyamba kwake kunali motere.

Kudera la Ntchisi kunali mnyamata wina dzina lake Kamphinda, amene anakwatira mtsikana wotchedwa Mwatitha n'kukakhala kuchikamwini. Anali munthu wabwino mtima, wosaledzera, wosayenda m'minda ya eni. Vuto lake linali limodzi: ankaopa kutchedwa mlesi kuposa mmene ankaopera njoka. Pochoka kwawo amalume ake anamuuza kuti, "Mkamwini waulesi amamupindira mphasa n'kumulozera njira." Kamphinda ankamukonda mkazi wake kwambiri, ndipo sankafuna kulozeredwa njira ndi munthu aliyense.

Apongozi ake aakazi, aNankhoma, anamupatsa tchire loti ateme mitengo, pakhale munda watsopano. Mnyamata uja anasemera nkhwangwa yake mpini wonenepa ngati munsi, akuti mpini wowonda ndi wa ana. Ankatema kuyambira mame asanaume mpaka nkhuku zitalowa m'khola, osapuma ngakhale kukanda pamene udzudzu wamuluma.

Sabata yachitatu chigongono chakumanja chinayamba kudandaula. Pakafupa kotulukira kunja paja pankatentha ngati paikidwa khala, ululu n'kumatsika mpaka kudzanja. Achipatala masiku ano amati imeneyi ndi nthenda ya osewera tenesi, koma kwathu kuno inayamba kalekale kugwira osinja ndi otema mitengo. Kamphinda anangoluma mano. Munthu akamupatsa moni wa padzanja, ankamwetulira misozi ili m'maso. Tsiku lina ponyamula chikho cha thobwa zala zinangomasuka zokha, chikho chija pansi khu!

"Mwatani kodi, aKamphinda?" anafunsa Mwatitha.

"Munali ntchentche," anatero mwamuna uja.

ANankhoma anaziona zonsezi ali pakhonde pawo, ndipo sanafunikire kuuzidwa. Nthenda yomweyo inawagwirapo iwo ali mtsikana chifukwa cha kusinja. Koma mwambo wa nthawi imeneyo sunkalola mkamwini ndi apongozi ake kuyang'anana kapena kuyankhulana maso ndi maso. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'tchire. Choncho anatuma mwana wawo.

"Amayi akuti muike nkhwangwa pansi kwa mwezi ndi theka," Mwatitha anauza mwamuna wake. "Akuti ndizikuthowani ndi madzi ofunda m'mawa ndi madzulo. Muziwongola mkono n'kumapinda dzanja pang'onopang'ono, ngati mukuitana mwana wamanyazi. Akutinso mpini wanuwo muupale, wanenepa."

Kamphinda anaseka chapansipansi, kuseka kwa munthu amene akuganiza kuti watulukira msampha.

"Iwe ndiwe mwana, sudziwa. Akundiyesa amenewo. Ndikangokhala pansi, mawa amvekere, 'Mwamuona mkamwini wothowedwa ngati khanda?' Ukawauze kuti ndili bwinobwino."

"Bwinobwino, chonsecho dzulo munalephera kufinya malaya?"

"Sindinafune kuwang'amba."

Uthenga utawafika, aNankhoma anapukusa mutu. M'mawa mwake anamangirira mbuzi yawo kuseri kwa nyumba ya mkamwini, n'kuyamba kuikalipira mokweza kuti wa m'nyumbamo amve.

"Iwe mbuzi iwe, n'chifukwa chiyani suumva? Mwendo ukapweteka amaupumitsa! Ngati wakana kupuma, bola umange kansalu pansi pa chigongono, pongodutsa zala ziwiri, kosathina kwambiri. Wamva, mbuzi yopanda makutu iwe?"

Mbuzi inati mee. Kamphinda, ali m'nyumba, anatola mawu amodzi okha: kumanga. Zopumazo anazisiyira mbuziyo. Ndiye poti nzeru zake zinkayenda njira yakeyake, anawerengera chonchi: ngati kansalu ka azimayi kamathandiza pang'ono, luzi la amuna lithandiza kwambiri. Anapita kukafundula luzi laliwisi, analiviika m'madzi, n'kulikulunga pamkono katatu, akukoka ndi mano. Inu mukudziwa chimene luzi limachita likamauma. Kamphinda nayenso ankadziwa, popeza madenga ankamanga, koma tsiku limenelo mantha anamuiwalitsa.

M'munda muja munali mutatsala mtengo umodzi wokha, muwanga waukulu, wouma gwa ngati mwala. Kamphinda analumbira kuti dzuwa silipendeka muwangawo uli chiimire. Anatema, anatema, dzuwa likukwera, luzi likuuma ndi kuthina. Zala zinatupa ngati nthochi, kenako zinachita dzanzi. Chitsiru chija chinakondwa kwabasi.

"Ululu watha!" anafuula yekha. "Mankhwala ndawapeza ndekha ine!"

Nthawi yomweyo Mwatitha anatulukira ndi mphika wa thobwa pamutu, amayi ake ali pambuyo. ANankhoma anaima patali, kuseri kwa chulu, atafulatira monga mwa mwambo. Kamphinda anaona kuti mwayi wake ndi umenewu. Apongozi sangamuyang'ane, inde, koma kulira kwa nkhwangwa angakumve, n'kudziwa kuti m'mudzi mwawo munalowa mwamuna.

"AKamphinda, dzanja lanulo lasanduka lotuwa! Masulani luzilo!" anakuwa Mwatitha.

"Taima uko, uone ntchito."

Analavulira m'manja, anatambasula miyendo, n'kukweza nkhwangwa ndi mphamvu zake zonse. Mkono unakwera bwinobwino. Potsika, unatsika wokha. Zala zadzanzi zija zinali zitautaya mpini kumwamba, mwini wake osadziwa, moti anatema mphepo mpaka kuzungulira ngati wovina. Anayang'ana m'manja, mulibe kanthu. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja.

"Nkhwangwa yanga yapita kuti?"

Yankho linachokera kumwamba. Nkhwangwa ija inali itagunda nthambi ya muwanga n'kubwerera, ndipo inamupeza pakati penipeni pa mutu, go! Mwayi wake unali woti inatsogoza chibonga cha mpini, osati kukamwa kwake, apo ayi bwenzi nkhani ino ili ya maliro. Kamphinda anakhala pansi mwaulemu ngati wafika pamilandu, maso ali mwaa, chotupa chikukula ngati dzira la bakha.

Mwatitha anataya mphika, anathamanga n'kudula luzi lija. Magazi atayamba kuyendanso m'dzanja, ululu unabwerera ndi abale ake onse, ndipo Kamphinda analira mokweza, osasamalanso kuti akumva ndani. Koma chimene chinkamuliza kwenikweni sichinali mutu kapena mkono.

"Basi, Mwatitha, kandipindire mphasa yanga," anatero akusisima. "Mtengo wandikanika pamaso pa amayi. Ndikudziwa kuti andithamangitsa."

Kuseri kwa chulu kunamveka mawu a aNankhoma, akadali chifulatire.

"Mwatitha, uwauze amuna akowo kuti muwanga ulibe miyendo, adzaupeza pomwepo mkono ukachira. Amene watema tchire lonseli yekha, ndani angamutche mlesi? Ine ndikufuna mkamwini wa manja awiri ndi mutu wosang'ambika. Mphasayo aiyale pakhonde, akhalepo mpaka nditanena ine."

Kamphinda anasisita chotupa chija ndi dzanja lamanzere. Mtima unatsika, manyazi n'kukwera. Kenako anakoka chitenje cha mkazi wake n'kunong'ona, koma kunong'ona kwa munthu wogundidwa m'mutu kumamveka mpaka kutsidya.

"Tawafunsa amayi. Paja anati madzi aja akhale ofunda bwanji? Nanga kansaluko n'kotalika motani? Zopinda dzanja zija abwerezenso, ndiyambe lero lomwe."

ANankhoma anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka mpaka kugwira chulu kuti asagwe, misozi ili mbwee. Azimayi amene ankachokera kuchitsime anaima n'kufunsa kuti kwagwanji kumunda kwa mkamwini. ANankhoma anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kuwayankha mawu amene tikuwanenabe mpaka lero:

"Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu!"