Phewa Langa, Dzina la Achimwene

Lolemba
Sabata yachitatu mkono wamanzere ukukana kukwera. Jakisoni wa katemera uja anandibaya pamwamba zedi, paphewa penipeni. Khoka sindikukoka. Che Jafali, eni boti, akuti: "Pofika Loweruka ukhale ndi manja awiri, apo ayi malo ako ndipatsa wina." Mnzanga Amidu wandionetsa pa foni kuti kunja ovulala chonchi amalandira chipukuta misozi. Ndiye ine misozi ndilibe?

Lachiwiri
Ndalamazo zikatuluka ndigula:
injini ya boti
magalasi akuda
Che Jafali ndiwalemba ganyu, azindikokera khoka.
Kalata yodandaula wandilembera Amidu, poti ine sukulu tinasiyana mwamtendere mu sitandade 6.

Lachitatu
Kuchipatala, mzere chiyambire m'mawa. Adokotala kungokweza mkonowu, ine kukuwa mpaka azimayi a kusikelo kutembenuka. Adokotala akuti: "Wavulaladi. Khadi la katemera lili kuti?" Eee. Khadi lili ku Joni.

Lachinayi
Chabwino, ndiulule. Achimwene a Saidi ankafuna khadi pa ulendo wa ku Joni, koma chimunthu chandevu chonsecho chimaopa singano. Ndinakabayitsa ine m'dzina lawo. Anati anditumizira jekete. Lero anesi atsegula buku: Saidi alimo, ine mulibe. Akuti: "Ndiye wovulalayo ndi Saidi. Abwere yekha." Phewa langa likuwawa m'dzina la munthu wina!

Lachisanu
Ndawaimbira achimwene. Akuti: "Iwe usandiyalutse. Koma zikatuluka ndi zanga, dzinalo ndi langa." Wallahi! Atumizanso chithunzi atasenza thumba la simenti, mapewa onse ali gwa. Jekete lija avala okha.

Loweruka
Kugombe. Ndagwira chingwe, ndakoka kamodzi, ndakhala pansi. Malo anga apatsa Amidu. Amidu! Ndiye chifukwa chake kalata ija analemba mwachangu chonchija. Pobwerera ndakumana ndi a zaumoyo, bokosi la katemera pa njinga. Akuti: "Iwe, tamva kuti m'buku mulibe. Ndiye kuti sunabayitse." Sindinabayitse? Nanga phewali linalumidwa ndi ng'ona?

Lamulungu
Ntchito palibe. Jekete palibe. Injini ayi ndithu. Amayi akundithowa ndi madzi otentha uku akuseka. A zaumoyo akubwera mawa kudzandibaya. Ndawauza ziwiri zokha: atsitseko singano pang'ono, ndipo dzina alembe langa. Phewa latsala limodzi, limeneli sindibwereketsa.