Tizilombo m'mapaini a atate

Lolemba
Mitengo isanu ndi iwili ya paini, kuseli kwa nyumba. Atate anaidzala chaka chimene ndinayamba sukulu ku Minga. Lelo umodzi wafiila kunsonga. Pa khungwa pali timabowo, pansi pali utuchi. Ndasenda pang'ono: tinjila tokhotakhota, ndi tizilombo takuda tonga nankafumbwe. Mayo ine!

Lachiwili
Ndapalasa njinga mpaka ku Petauke, kwa a Lungu, alangizi a za nkhalango. Akuti tizilomboti n'tachilendo, timayenda ndi mitengo yodulidwa. Malangizo awo:
kugwetsa wodwalawo,
kuudula zipika,
kuziika kutali ndi mitengo inzake masiku atatu kuti tizilombo tisonkhanemo,
kenako moto.
"Koma zipikazo zisasunthe, bambo."

Lachitatu
Wagwa. Amene audula ndi alamu anga a Daka, ine ndinayang'ana kumbali. Fungo la utomoni n'lomwe lija linkamveka pa malaya a atate. Zipika zili kumapeto kwa munda.

Lachinayi
Maliro kwa a Mumba, oyandikana nafe. Amayi awo atisiya. Ndapita kukaona zipika: palibe! Zonse zili kusiwa, azibambo akhalapo ngati mipando. Mtengo wopita pamaliro sapempha, ndipo mwini wake salanda. Ndakhala pa chimodzi inenso. Nyimbo ili mkati, ine khutu lili pa kukukuta kwa pansi pangapa.

Lachisanu
Taika maliro. Ndimayembekeza kuti amai ophika azisonkhezela pamoto. Akuti n'zaziwisi, zimangofuka. A Mumba andigwila dzanja kuthokoza mipando. Ndayankha kuti palibe kanthu.

Loweluka
A Mumba ndi munthu waulemu. Abweza zipika zonse pa ngolo, ine ndili kumsika. A Daka awauza kuti aziike pamthunzi, zingang'ambike ndi dzuwa. Mthunzi wake uti? Wa mapaini! Chilichonse achitsamiza bwinobwino pa mtengo wake. Zakhala pamenepo tsiku lonse. Ndazigubuduza ndekha, ndathila palafini, ndayatsa. Msana wanga sulinso wanga.

Lamulungu
Utuchi pansi pa mitengo inayi. Ndaimbila a Lungu. Akuti: "Gwetsani, bambo."
Kutchalitchi sindinapite. Ndakhala pansi pa iwili yotsalayo, kumvetsela mphepo ikulila m'masamba monga inkalilila tili ana.
Nkhwangwa ya a Daka yaguluka mpini. Mailo ndikabweleka kwa a Mumba. Sangandikanize.