Tsiku Limene Ndinafungatira Mazira a Amake Chipo

Inu amene mukusekera m'zipewa uko, sekani, koma amene anadzutsapo bolodi ya zamagetsi yakufa atakhalira mazira aimirire timuone. Palibe? Ndiye palani matabwa anuwo mwakachetechete, makutu kuno.

Chaka chimene anatichotsa ku famu, mkazi wanga, amake Chipo, sanatenge poto kapena mpando. Anabereka nkhuku imodzi kumsana mpaka kuno ku Glen View, ndipo mbumba ya nkhuku imeneyo ndiyo inali kwathu kotsala. Chitopa chinazimaliza, kunatsala thadzi limodzi, nalonso kombi inaliponda mu June litangoyamba kufungatira. Mkazi wanga anatola mazira akadali ofunda n'kuwaika m'bokosi limene mkamwini wanga Tapiwa anapanga, la kabolodi kobiriwira kamene kamayeza kutentha n'kumayatsa ndi kuzimitsa babu.

Zikanatha bwino, koma mukwasha wangayo, ndikunena mkamwiniyo, ndi uja wokanda pamene sipakuyabwa. Akuti akufuna bokosi lizimutumizira uthenga pa foni. Analumikiza laputopu n'kulembamo butiloda ya bolodi ina. Butiloda, inu osadziwa, ndi kapulogalamu kamene kamadzutsa bolodi n'kuikumbutsa ntchito yake, ndiye ukaika yolakwika imagona osadzukanso. Kagetsi ka pa bolodi kanathima, babu zii, laputopu n'kumakana kuti munthu ameneyu sikumudziwa. Inafa, ndikunena kufa kwenikweni, moti ntchentche zinakwera kombi kumsika wa Machipisa kudzaona, ndipo a bungwe lathu la maliro anatumiza munthu kudzayeza mtembo.

"Baba, yapita," anatero Tapiwa, thukuta lili kamukamu.

Tsiku limenelo kunazizira moti tiyi ankauma ali m'njira yochoka mu ketulo kupita m'kapu. Ndinayang'ana mkazi wanga, dzira limodzi walifumbatira pachifuwa. Zinandiwawa, anyamata, sindinama. Ndinati bweretsani beseni, thiranimo utuchi, yalanimo mazira onse. Ndinavala jasi n'kunyonyomala pamwamba pake, ine ndi thupi langali, osaswa ngakhale limodzi. Mukumva? Mazira akayamba kuzizira ndinkangoganiza za Tapiwa, mkwiyo n'kunditenthetsa mpaka utuchi kufuka utsi, ndiye zikapyola ndinkayimba nyimbo ya kutchalitchi kuti mtima utsike, ndipo powatembenuza ndinkangogwedeza chiuno pang'ono, dzira lililonse n'kugudubuka lokha mbali yake.

Tapiwa anakwera padenga kukasaka netiweki kuti akoke butiloda yoyenera, n'kumakuwa ali pomwepo kuti m'kati mwa chipu, kaubongo ka bolodiyo, muli kakhomo kamene a ku fakitale anasiya, kosafufutika, ndipo kamatseguka ukagunditsa timapini tiwiri poyatsa. Zimenezo ine ndinkazidziwa kale, ndinangomusiya kuti asachite manyazi. Vuto linali manja. Ntchito imeneyi imafuna manja asanu, ine ndili nawo awiri, komanso ndili pa mazira. Ndinaluma chipini cha pa duku la amake Chipo n'kugunditsa timapini tija ndi mano, dzanja lamanzere pa batani loyambitsiranso, lamanja likugwira chingwe chimene chinali chokhwepa, chala chachikulu cha kuphazi chikulemba pa laputopu, ndipo magetsi atathima, monga mwa chizolowezi chawo, ndinakwecha waya pa jasi langa mpaka batire la laputopu linadzaza n'kuyamba kutayikira pansi. Mukumva? Fayilo ya butiloda ija inkabwera mozengereza ngati ikuchita manyazi, ndinaikalipira kamodzi kokha, inatsika padenga yothamanga mpaka inamusiya Tapiwa pa makwerero.

Kenako laputopu inati yamuzindikira m'bale wake. Kamzere kanayamba kuyenda pang'onopang'ono, ine osapuma, chipini chili kukamwa, malovu ndikuwameza cham'mbali kuti asadonthere pa bolodi. Kamzere katafika kumapeto ndinalavula chipini n'kusiya batani. Kagetsi kanaphethira. Kanaphethiranso. Babu n'kuti ngwee! Mkazi wanga anakhala pansi n'kuseka misozi ikutsika, kuseka kumene ndinakumva komaliza tisanachoke ku famu.

Mazira anabwerera m'bokosi, ndipo patapita masabata anaswa onse, kupatula limodzi limene linatulutsa awiri. Anapiyewo sanayang'ane babu, anabwera kwa ine. Ankanditsata kuchitsime, kusitolo, ngakhale kutchalitchi, mpaka kondakitala wa kombi anayamba kundilipiritsa mzere wonse wakumbuyo.

Pitani kwanga lero, nkhuku za ku famu zija zadzaza bwalo, ndipo amake Chipo ayamba kugawirako anzathu amene tinachoka nawo limodzi. Mukawafunsa adzakuuzani kuti mazira anawasunga iwo m'bulauzi mwawo tsiku lonse, kuti anakonza ndi Tapiwa, ine ntchito yanga inali yogwira chipini basi, komanso ndinachigwetsa kawiri. Musawamvere, ndi nsanje ya akazi imeneyo. Ngati sindine mayi wa nkhukuzo, n'chifukwa chiyani mpaka lero zimandithamangira ndikangolowa pageti? Ndipo iwe, chotsa dzanja m'thumba la jasi langa. Chimanga chili m'menemo sichikukhudzana ndi nkhaniyi.