Kimono ya Haruka ndi Singano Yanga

M'nyumba ina ku Japan muli chithunzi cha mtsikana akulandira digiri atavala siketi yakuda yopitira ku intaviyu. Sizimayenera kutero. Amayenera kuvala kimono, chovala cha chikhalidwe cha kwawoko, ya amayi ake. Wochititsa ndine, ndi singano yanga.

Ine ndinakulira kwa agogo ku Ntcheu, makolo anga atamwalira ndili wamng'ono. Agogo sankalankhula zambiri, nane ndinatengera. Koma bowo pa chovala sankaliona kawiri. Mlendo akavula jekete n'kupita kokasamba, pobwera ankapeza thumba lasokedwa, batani labwerera pamalo pake, agogo ali phee ngati sakudziwapo kanthu. Kwa iwo, kumufunsa munthu kuti "ndikusokereni?" kunali kumuuza kuti ndi wosasamala. (Ndikungofuna mudziwe kumene ndikuchokera. Sikuti ndikudziikira kumbuyo.)

Pamene ndinkaphunzira ku Sheffield, ku Mangalande, uku ndikugwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, tinkakhala atatu m'kanyumba kena pamwamba pa chitunda. Panali ine, panali a Esnart, namwino wa ku Zomba amene ndinkawatchula kuti achemwali, ndiye panali Haruka wa ku Japan, mtsikana wamfupi amene ankapepesa ngakhale kwa chitseko akachigunda.

Galajuweshoni ya Haruka inali mu Januwale. Amayi ake anabwera ndi sutikesi yomwe sanalole aliyense kuwanyamulira. M'menemo munali kimono ya silika, yofiira, ya mbalame zoyera, mikono yake yaitali yolendewera mpaka m'mawondo. Haruka anandiuza kuti amayi akewo anaivala ali mtsikana, n'kuisunga zaka zonsezi kudikira tsiku limeneli. Anaipachika pa ndodo yaitali pabalaza kuti makwinya achoke, ndipo kutacha awiriwo anakwera sitima kukaona mzinda wa York. Mwambo unali tsiku lotsatira.

Tsikulo sindinapite kuntchito. Ndinakhala pabalaza ndi tiyi wanga, n'kumangoyang'ana nsaluyo. Ndiye ndinaliona. M'khwapa mwa kumanja munali motseguka, bowo loti dzanja lonse n'kulowa.

Ndinamva chisoni. Mayi wayenda ulendo wonsewu osadziwa kuti chovala chaphwasuka. Nditayang'ana khwapa linalo, nalonso chimodzimodzi, kukula kwake kofanana ndendende. Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kudzifunsa kuti nsalu imang'ambika bwanji mofanana mbali zonse, m'mphepete muli mosalala. Ine ndinangoganiza kuti amayiwo ali mtsikana ankakonda kuvina atakweza manja.

Ndinakatenga kachitini kanga ka ulusi. Wofiira unalipo, wofananadi.

Ndili mkati mosoka khwapa lachiwiri, a Esnart anatsika, maso ali otupa ndi tulo ta shifiti ya usiku.

"Iwe mwana wa agogo, wayambanso?"

"Yang'ambika, achemwali. Taonani."

Anaweramira, n'kulowetsa chala. "Ii, zoona. Anthu awa mafoni amapanga, magalimoto amapanga, koma singano saidziwa. Soka, mwanawe, asakachite manyazi pagulu. Kumbuyo kwa mikonoku wakuona? Nakonso kuli yasa."

Kunalidi yasa, kuchokera m'khwapa mpaka pansi. Ndinatseka konse.

Ndikanalekera pomwepo, mwina nkhani ikanakhala yaifupi. Koma ndinaona kuti chovalacho n'chachitali kwambiri. Ndinachitsitsa n'kudziyeza (inde, ndinachivala, musandifunse), ndipo ngakhale ine chinkakwekwereka pansi. Haruka amandilekeza paphewa. Ndinaona m'maganizo akukwera masitepe kukalandira digiri, n'kuponda nsalu, n'kugwa chafufumimba pamaso pa aphunzitsi ake. Ndinapinda m'munsi monse n'kusoka mobwereza, timisoko ting'onoting'ono tothithikana, kasokedwe ka agogo koti yunifomu imatha nsalu koma ulusi uli pomwepo. Ndinaipachikanso bwinobwino. Eni ake anabwera atatopa, anangosuzumira pakhomo n'kukwera kukagona.

M'mawa ndinaphika tiyi n'kukaima pakhomo la pabalaza, nkhope ya agogo ija nditaivala kale, yosadziwapo kanthu. Haruka anali atavala zoyera zamkati, amayi ake atayala malamba ndi zingwe pampando. Anamuveka kimono ija m'mapewa, n'kuyang'ana pansi. Inalekeza mu akakolo ndendende. Mumtima ndinati, mwaona?

Amayiwo anaiyang'anitsitsa. Kenako anafuna kulowetsa dzanja m'khwapa. Dzanja linagunda. Anayesa mbali inayo, linagundanso. Anatembenuza nsalu, n'kuyandikitsa kumaso, n'kulankhula chinenero chawo motsitsa mawu kwa nthawi yaitali ndithu.

Haruka anatembenukira kwa ine. "Pepa, kodi pali amene anagwira kimono?"

"Ndangokonza pang'ono," ndinatero. "Inali yong'ambika."

Anatseka maso. Kenako anandifotokozera, akupepesa pa mawu alionse ngati wolakwa ndi iyeyo. Kimono ya akazi amaisoka yaitali dala. Povala amaikokera m'mwamba, n'kumanga chingwe m'chiuno, nsalu yotsalayo n'kuipinda kuti ioneke pansi pa lamba. Kuti mpindowo uwongoke, wovekayo amalowetsa manja m'mabowo a m'khwapa aja. Mabowo amene ine ndinatseka. Mikono nayo amaisiya yotseguka kuti nsalu yamkati izionekera. Ndinali nditasandutsa chovala cha anthu thumba.

A Esnart anali pamasitepe, akumvetsera. "Ine ndinamuuza mwanayu kuti ayambe wafunsa," anatero m'Chingelezi chomveka bwino, n'kubwerera kuchipinda.

Ndinathamangira lezala. Amayiwo ataliona anatulutsa kamawu kamene sindidzakaiwala, ndipo ndinalibweza m'thumba. Anatenga kasizasi kawo kakang'ono ngati kodulira zikhadabo, tonse atatu tinagwada pakapeti, iwo akudula, ine ndikukoka ulusi, Haruka akuyang'ana wotchi. Ulusi wa agogo sunafune kumva. Ukakoka pang'ono, silika ankakwinyika. Ukasiya, ulusi unkangokhala. Pomwe tinachotsa panatsala mzere wa timabowo ta singano, tooneka bwino pa nsalu yofiira.

Takisi italiza hutala panja, tinali titamasula khwapa limodzi ndi kachigawo ka m'munsi. Amayiwo anaika kasizasi pansi. Anapinda kimono mwakachetechete, ngodya ndi ngodya, n'kuikulunga m'pepala lake. Kenako anaimirira n'kundiweramira. Ine ndili chigwadire ndinaomba m'manja ngati kwathu. Iwo anaweramanso kwambiri. Ine ndinaombanso. Tikanapitiriza mpaka madzulo, koma Haruka anatsika atavala siketi yakuda ija n'kunena kuti nthawi yatha.

Kumwambo ndinapita, chifukwa anali atandipatsa kale khadi lolowera. Ndinanyamula zikwama zonse, palibe anandiletsa. Pobwerera mu thiramu, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni, amayiwo ananena kanthu kwa mwana wawo akundiyang'ana.

"Akuti sanaonepo kasokedwe kolimba chonchi," anatero Haruka.

"Akundiyamikira?"

Anaganiza kaye. "Ayi."

Kimono inabwerera ku Japan ndi ulusi wanga, ndipo ndinamva kuti anakaipereka kwa katswiri woti aiphwasule yonse n'kuisokanso. Haruka sanandikalipire n'kamodzi komwe, zomwe zinali zowawa kuposa kukalipiridwa. Tinakhala limodzi mpaka pamene anabwerera kwawo. Kungoti zovala zake zonse anayamba kuyanika kuchipinda kwake, chitseko chili chotseka.

Kuyambira pamenepo ndimafunsa. Tsiku lina kuntchito ndinaona agogo ena aamuna, mzungu wa ku Yorkshire konkuno, dera limene muli Sheffield, atavala juzi yobooka pachigongono, mkono uli pamtunda. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo n'kufunsa mwaulemu ngati bowolo linali la dala.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndi bowo, mwanangu," anatero. "Umadziwa kusoka?"

Ndinati ayi.