Sitepe Yanga Yachinsinsi

Lolemba

Boma lathu la mganda landisankhanso kukhala kingi. Loweruka tikukapikisana ndi anyamata a kutsidya kwa dambo, pa bwalo la kufupi ndi Nsaru. Chaka chatha anatichititsa manyazi, mpaka akazi athu omwe ankapukuta thukuta iwowo. Akuluakulu andiuza poyera: tikagwanso, wezulo ndipereke kwa wina.

Cholinga ndachinena: kupambana basi. Chida ndili nacho. Sitepe yatsopano, ndinaiona pa perete ndili ku Halale. Kumanzere kawiri, kutembenuka, kugwada. Koma sindiionetsa msanga. Mudzi uno uli ndi maso.

Lachiwiri

Tikuyeserera, ine ndikuwerenga nkhope pamzere. Okayikitsa:

A Lazaro oimba ng'oma. Ndi akamwini muno, kwawo ndi kutsidya komweko.

A Chimbalanga, kapitawo wanga. Ndikamalankhula maso awo amakhala pa wezulo.

A Tomasi. Salankhula. Munthu wosalankhula akusunga chiyani?

A Chimbalanga akuti, “A Kingi, sitepe ija mutiphunzitsa liti?” Mwaona! Changu chonsechi n'chachiyani? Ndayankha kuti mawa.

Lachitatu

Ndikuyeserera ndekha kuseri kwa chigafa cha fodya. Kumanzere kawiri, kutembenuka. Potembenukapo, mayi wina ali chilili, mtsuko pamutu. Sindikumudziwa! Ndayamba kudzimenya m'miyendo ngati ndaponda linthumbu. Wachoka akuseka. Kaya waona zingati.

Amayi akunyumba akuti, “Bambo, kuchitsime akuti mutu wanu wayamba kusokonekera.” Zili bwino, aziganiza choncho. Komanso iwowa azakhali awo anakwatiwa kutsidya. Ndakumbukira lero.

A Chimbalanga afunsanso. Ndati mawa.

Lachinayi

Ndawagwira! A Lazaro awoloka dambo pa njinga mamawa. Akuti amayi awo akudwala. Inde, sabata yomwe ino? Ndawalanda ng'oma. Anyamata awiri akwiya, atuluka nawo. Ndiye kuti akazitape anali atatu!

Ng'oma ndapatsa a Tomasi. Akuimba ngati akukonola chimanga, koma sakawuza munthu.

Nzeru yandibwerera. Ndaphunzitsa boma lonse sitepe yabodza: kumanja kawiri, kulumpha. Ndangoipeka pomwepo. Akazitape akaitengere kutsidya! Yeniyeni ndiwauza Loweruka m'mawa, nthawi yoba itatha. Utsogoleri ndi umenewu.

Lachisanu

Kuchapa malaya oyera, makabudula, masokosi. Kumata mabadza obooka, malipenga athu a zikho, kuti azilira bwino tikamauzira.

A Chimbalanga abwera akumwetulira. “Sitepe yakumanja ija anyamata aikonda, agona nayo adzuka nayo.” Kumwetulira kumeneku sindikukukonda. Ndatsala pang'ono kuwauza zoona, koma pakhonde pakhala munthu wogulitsa mchere, sakuchoka. Mchere wanji wogulitsa masana onse pakhomo limodzi?

Wezulo ndaumangirira m'khosi, ndikudya nawo, ndikusamba nawo.

Loweruka

M'mawa anthu mbwee, alendo, ana, apongozi. Polankhulira palibe. Panjira ndanong'oneza a Chimbalanga, “Si kumanja, ndi kumanzere, muwauze.” Ng'oma ikugunda. Agwedeza mutu, akuti, “Eya, tiwaswa lero!”

Bwalo ladzaza. Tilowa, mizere ili bwino, mabadza akulira. Ndiliza wezulo. Ine kumanzere. Boma lonse kumanja!

Kutembenuka, kugwada, kudzutsa mutu: ndili ndekha, pamaso pa amayi a kutsidya. Mmodzi wandipukuta thukuta, misozi ya kuseka ili chuchuchu. Akuti, “Dzukani bambo, anzanu apita uko.” Ndi wa mtsuko uja.

Kumbuyo kwanga nthungululu. Anyamata akulumpha onse pamodzi, fumbi koboo! Anthu akukhamukira kwathu, bwalo la a kutsidya latsala ndi agalu. Tapambana. Ndi sitepe yabodza. Ndili chigwadire.

Lamulungu

Akuluakulu abwera titaweruka ku tchalitchi. Akuti boma lavina bwino zedi, wolakwitsa anali mmodzi yekha, ndipo anali kutsogolo. Ndati munanena kuti tikagwa. Akuti, “Boma silinagwe. Mwagwa ndinu.”

Wezulo uli m'khosi mwa a Chimbalanga. Sindinanene?

Amayi a Lazaro akudwaladi, atengedwa pa ngolo kupita kuchipatala. Apa pokha ndachita manyazi. Ng'oma awabwezera, ine andipatsa ntchito yonyamula madzi a ovina.

Ndauza a Chimbalanga kuti sitepe yeniyeni ikadalipo, ndikhoza kuwaphunzitsa tsopano, ngakhale lero lomwe. Andiyang'ana mwaulemu ndithu. Akuti, “Taiona dzulo, bambo. Sungani.”

Mawondo akuwawa. Sitepe yanga palibe waba.