A Tikhalekaye ndi Mphepo ya Apongozi

Mumsewu mwathu mulibe nyumba ya eyakoni, makina oziziritsa m'nyumba aja, imene mipando yake siidziwa kulemera kwa malemu a Tikhalekaye. Mkuluyu ankakonza makinawa, koma sankakhudza waya, sefa, ngakhale rimoti asanakhale pampando uliwonse wa m'nyumbamo. Ukawauza kuti makina akulira ngati chigayo, iwo ankatsamiritsa makwerero kukhoma, kuika chikwama pansi, n'kuti, "Tikhale kaye." Dzina lawo lenileni linathera pomwepo.

Ankayamba ndi sofa, kenako mpando wapakona, kenako kampando ka ana, mawondo kufika m'makutu. Paliponse ankatsinzina n'kutukula chibwano ngati munthu womvetsera wailesi ya kwa eni.

Kwa mphunzitsi wina amene anali atangokwatira, anamaliza mipando yonse n'kulunjika kuchipinda.

"Kumeneko kulibe mpando," anatero mphunzitsiyo atatchinga pakhomo.

"Nanga mumagona choimirira?"

Anavula nsapato, anagona mbali ya mwamuna, anagonanso mbali ya mkazi, n'kudzuka ndi chigamulo. "Aphunzitsi, mayiwa sakupatsani msana chifukwa cha mkwiyo ayi. Mphepo ikumawamenya kumaso." Mphunzitsi uja nkhani ya msanayo anali asanauze munthu.

Kunena zoona, luso lawo pa zam'kati mwa makina linali la apo ndi apo. Akamasula n'kubwezera, patebulo pankatsala masikuluu, iwo n'kumati kufakitale amaika ongowonjezera. Makina ena ankachira ndi khofi lam'mbali, ena ankafera m'manja mwawo ndipo ankawayamikira kuti anagwira ntchito mokhulupirika. Koma timapiko tapakamwa pa makina, tomwe timaloza mphepo kumwamba, pansi kapena kumbali, ankatidziwa ngati ana awo. Mayi wina anawanong'oneza za mlamu wake amene anabwera kudzafuna ntchito koma anadzapeza wailesi yakanema. A Tikhalekaye anangolozetsa mphepo pakhosi pa mlamuyo, ndipo mwezi usanathe mlamu anakumbukira kuti kwawo akumufuna.

Koma ntchito imene timaikamba mpaka lero ndi ya kwa mayi wosoka makatani, kunyumba ya geti lobiriwira.

Mayiyu anali atatenga bambo ake okalamba, omwe kale ankayendetsa basi, kuti azikhala nawo. Kunyumba kwawo ankakhala okha, mankhwala ankaiwala, ndipo tsiku lina anawapeza atagwa kubafa. Mwamuna wake, bwana wa mu ofesi amene tayi ankaivula pokasamba pokha, anawalandira apongozi ndi manja awiri. Anawagulira mpando waukulu wachikopa, n'kuuika kutsogolo kwenikweni kwa eyakoni. Timapiko anatilozetsa pa mpandowo kuti kuzizira konse kumene nyumbayo inali nako kuzithera pa apongozi. Iye mwini ankakhala pakona n'kumatuluka thukuta mwaulemu. Rimoti ankayenda nayo m'thumba mpaka kuntchito, kuopa kuti ana angachepetsere agogo awo ulemu.

Madala aja anayamba kukhala pampando wawo atavala jekete, kenako jekete ndi chipewa, kenako chifuwa chinayamba. Mayi wa makatani anayesa kuuza mwamuna wake, ndipo mwamunayo anakafunsa yekha.

"Bambo, mphepoyi ikukukwanani?"

"Ikundikwana kwambiri, mwana wanga," anatero madala, mano akugundana. "Mwandilemekeza."

"Wamva?" anatero mwamunayo kwa mkazi wake, n'kuwonjezera kuzizira pang'ono.

Kuwasuntha pampandopo kunali kukana mphatso ya mkamwini, ndipo madala akanalola kuuma ngati nsomba ya mufiriji kusiyana n'kuchita zimenezo. M'malo mwake anayamba kukamba zoti akufuna akaone ngati denga la kwawo silikudontha. Mayi uja atapeza chikwama chawo cholongedza kale kunsi kwa bedi, anadziwa kuti akangopita sabweranso, ndipo ulendo wina wogwa kubafa sipadzakhala wowadzutsa.

Mwayi wake, makina aja anayamba kudontheza madzi pakhoma. Mayiyo anaitana a Tikhalekaye Loweruka m'mawa, mwamuna wake ali pakhomo.

A Tikhalekaye anakhala pasofa, anakhala pakona pa bwana n'kupukuta nkhope, anakhala ngakhale pa mpando wa makina osokera. Pomaliza anaima pamaso pa madala.

"Akuluakulu, tandibwerekani mpandowo."

Madala anadzuka ndi changu chimene mwana wawo anali asanachione chibwerereni. A Tikhalekaye anakhala, anatsinzina, ndipo tsitsi lawo lochepalo linayamba kuvina. Sanachedwepo. Anayang'ana jekete la madala, anayang'ana chipewa, kenako anayang'ana mayi uja, amene anali atagwira katani ya kasitomala ngati akufuna kuifinya madzi.

"Munkayendetsa basi, eti?" anafunsa atatembenukira kwa madala.

"Zaka zambiri."

"Windo lanu munkatsegula?"

"Ine? Ndinkatseka ndi katoni," anatero madala, kenako anazindikira kuti mkamwini akumva. "Koma mphepo ya pano ndi ina. Iyi ndi yaulemu."

A Tikhalekaye anakwera makwerero. Anatulutsa sefa imene inali itamera ubweya ngati mphaka, anaitsuka, anapopa kapaipi ka madzi ndi pakamwa mpaka kudontha kunatha. Kenako anachedwa kumwambako, akugogoda, akuusa moyo, akupukusa mutu. Potsika, timapiko tinali titaloza kudenga.

"Bwana, ndili ndi uthenga wachisoni. Makina anu auma khosi."

"Auma khosi bwanji? Ndi atsopano awa."

"Atsopano ndiwo amauma. Ayang'ana pansi nthawi yaitali, kachitsulo kotembenuza khosi katha. Ndawasiya akuyang'ana kumwamba kuti apume. Mukawakakamiza ndi rimoti, apsa onse."

Bwana anagwira thumba lake ngati muli kamwana kodwala. "Nanga apongozi anga?"

"Mphepo iwapeza. Yozizira imatsika yokha ngati mwana wa pa mtengo akamva fungo la chakudya. Ikagunda kudenga, izibwera pang'onopang'ono, mogwada. M'nyumba za mabwana akuluakulu zimatero. Mphepo yomenya munthu pamphumi ndi ya m'mashopu a nyama."

"Komabe kachitsuloko mukapeze."

"Kamachokera kunja, bwana. Ndiitanitsa lero lomwe."

Pogeti mayi uja anafuna kulankhula, koma a Tikhalekaye anamudula. "Mayi, ine ndaona makina odwala basi. Zina sindinaone. Koma chipewa chija muwauze avule, chikuwakalambitsa."

Chipewa chinavulidwa, jekete linatsatira, chifuwa chinachepa, ndipo denga la kwawo linasiya kudontha m'nkhani za madala. Chikwama chinabwerera pamwamba pa wadirobu. Bwana yekha ndiye sanaiwale. Akakumana ndi a Tikhalekaye pamsewu, ankatsitsa galasi la galimoto.

"Kachitsulo kaja?"

"Kali m'njira, bwana. Kakwera sitima."

Ulendo wina sitimayo inali itakumana ndi namondwe. Ulendo wina kachitsulo kanafika ndithu, koma kanali ka makina amanzere. Ulendo winanso mwini fakitale anali pamaliro a apongozi ake, ndipo bwana, monga munthu wodziwa kufunika kwa apongozi, anapereka chipepeso.

A Tikhalekaye anamwalira nyengo yotentha yapitayi, kachitsulo kakadali m'njira. Anawapeza kwa kasitomala, pampando wachiwiri kuchokera kukhomo, atatsinzina, chibwano m'mwamba. Mwini nyumba anawadikira kanthawi ndithu, poganiza kuti akumvetsera mphepo.

Tsopano kumabwera akatswiri ovala yunifomu, a galimoto yolembedwa m'mbali. Ntchito amaidziwa, sitingawanamizire, ndipo patebulo sipatsala sikuluu. Amalowa, amakonza, amatuluka osadziwa ngati m'nyumbamo muli khanda, wodwala kapena mlamu. Ukawapatsa mpando amati akuthamangira kwina. M'nyumba zathu mukuzizira kuposa kale, ndipo anthu ayambiranso kulimbirana malo okhala.

Mmodzi wa akatswiriwo anapita kunyumba ya geti lobiriwira makina atatha gasi. Atamaliza, bwana anamufotokozera za khosi louma ndi kachitsulo kochokera kunja. Katswiriyo anapempha rimoti, anadina kamodzi, ndipo timapiko tinatsika bwinobwino ngati sitinadwalepo. Mphepo inagwera madala pamphumi.

Mayi wa makatani anasiya kupalasa makina ake osokera. Madala sanadandaule. Anangotambasula dzanja pang'onopang'ono kufuna kansalu kophimbira mpando, n'kukafunda m'mawondo.

"Ikundikwana, mwana wanga," anatero, munthu asanawafunse.

Bwana anayang'ana apongozi ake, anayang'ana mkazi wake, kenako anayang'anitsitsa timapiko tija nthawi yaitali.

"Achimwene," anatero kwa katswiriyo, "mwatiwonongera makina. Abwezereni momwe analili."

"Koma bwana, palibe chowonongeka apa."

"Ali ndi vuto la khosi. Anatiuza ndi munthu amene ankawadziwa."

Timapiko titabwerera kudenga, bwana anaika rimoti patebulo, pafupi ndi sizasi ya mkazi wake, n'kukakhala pakona pake.